Lero Palibe Sabaq



Pa mawu onse amene mwana wa hifz amawaopa, palibe oposa atatu awa: lero palibe sabaq. Amene munadutsa m'kalasi ya oloweza Qur'an mukuwadziwa bwino. Wadzuka kudakali mdima, waloweza tsamba lako latsopano mpaka likuyenda ngati madzi, wafika pamaso pa ustaz mtima uli m'malo, koma iwo m'malo mofunsa latsopanolo akuti tiyambe ndi zakale. Wakodwa kamodzi, kawiri, kachitatu. Basi atseka Mus-haf. Tsamba lija wavutikira usiku wonse safuna n'kulimva komwe. Akungoti bwerera ukakonze kumbuyo.

Ndafuna tikambirane za mawu amenewa chifukwa masiku ano nkhani ya kudzitukula yadzaza m'mafoni mwathu. Ukangotsegula TikTok kapena Facebook, wina wakhala m'galimoto yonyezimira akukuuza kuti usinthe kaganizidwe, uyambe lero, uphunzire luso latsopano, utsegule geni yachiwiri. Sindikunena kuti zonsezo n'zabodza ayi. Koma mwaona kuti pafupifupi onse amalankhula za kuyamba? Za kusunga chimene unayamba chaka chatha, zii. Pomwe ku madrasa, komwe ena amakuderera kuti n'kongoloweza basi, anatiphunzitsa kalekale kuti kuyamba ndi kagawo kakang'ono chabe ka ntchito.

Kwa amene simunakhalepo m'kalasi ya hifz, ndifotokoze kaye mmene zimayendera. Mus-haf ya ku Madina, imene ambiri tili nayo, ili ndi masamba 604, tsamba lililonse mizere 15, ndipo juzu imodzi imatenga masamba pafupifupi 20. Madrasa ena amakonda ya mizere 13, koma nkhani yake ndi yomweyo. Pa masamu, woloweza tsamba limodzi pa tsiku akanamaliza m'masiku 604, ndiye kuti chaka chimodzi ndi miyezi 8. Ambiri amatenga nthawi yotalikirapo kuposa pamenepo, osati chifukwa mitu yawo ndi yolemera, koma chifukwa ntchito ya tsiku imagawidwa milu itatu. Mulu woyamba ndi sabaq, phunziro latsopano. Wachiwiri ndi zimene waloweza masiku apitawa, za sabata ino ndi yatha, zomwe zidakali zanthete. Kwathu tinkati sabaq dhor, ena amati sabqi. Wachitatu ndi zakale zonse kuyambira tsiku limene unayamba, dhor kapena manzil. Pa Chiarabu kubwerera konseku amakutcha muraja'ah.

Tsono taonani chimene chimachitika. Ukakhala ndi majuzu awiri, dhor ndi yopepuka, tsiku lako lambiri limapita ku zatsopano. Ukafika majuzu 20, zinthu zatembenuka: tsamba latsopano ndi ntchito ya kanthawi, koma katundu wa kumbuyo ndiye akudya tsiku lonse. Ndipo tsiku limene wamaliza, anthu aphika mpunga, akuveka nduwira, agogo alira misozi yachimwemwe, sabaq imathera pomwepo. Dhor sitha. Juzu imodzi pa tsiku, masiku 30 wazungulira, n'kuyambiranso, mpaka tsiku limene adzakusambitse. Ngakhale liwu loti hafiz, gwero lake pa Chiarabu ndi kusunga, kulondera. Sitimutcha ndi dzina la ntchito imene anamaliza ija. Timamutcha ndi dzina la ntchito imene yatsala.

Mtumiki wathu Muhammad ﷺ anaifanizira Qur'an ya pamtima ndi ngamila yomangidwa, yomwe mwini wake akamaiyang'anira imakhala, akaitayirira imapita. Ife kuno sitiweta ngamila, koma mbuzi ya pachingwe tonse timaidziwa. Sitsanzika. Umangomva kwa aneba kuti ili m'munda mwawo. Ndipo iye mwini ﷺ, amene Qur'an inatsikira pa iye, Jibril ankabwera Ramadhan iliyonse kudzabwereza naye, ndipo chaka chomaliza cha moyo wake anabwereza kawiri.

Ku koleji kuno ndinakumana ndi dzina la Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany amene mu 1885 anasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe anachita pa mutu wake womwe. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kenako n'kumayesa kuti pakapita nthawi yakutiyakuti kwatsala zochuluka bwanji. Anapeza kuti kuiwala sikuyenda liwiro limodzi. Kumathamanga kwambiri poyambirira. Pakutha pa ola limodzi zoposa theka zinali zitapita, pakutha pa tsiku kunatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako kutsikako kunayamba kufooka, moti patatha mwezi kunali kudakali pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Anapezanso kuti kubwereza ka 38 kogawa masiku atatu kunagwira ntchito yofanana ndi kubwereza ka 68 kounjika tsiku limodzi. Ma ustaz athu sanadikire Ebbinghaus. N'chifukwa chake zanthete zimamvedwa tsiku lililonse, pomwe zokhwima zimabwera mozungulira, kamodzi pa masabata angapo. Chatsopano ndi chimene chimathawa msanga, ndiye chingwe chake chimakhala chachifupi.

Tiyeni tsopano tituluke m'madrasa, tilowe m'kalasi za sekondale ndi koleji. Kumeneko moyo wathu ndi sabaq yokhayokha. Semesita ikayamba, zatsopano tsiku lililonse. Mayeso akayandikira, tiyi wopanda mkaka ndi kuchezera usiku. Mayeso akatha, kope limapita pansi pa bedi, kapena kwa amayi ogulitsa mandasi. Palibe amene adzakufunsenso, ndiye nawe sudzifunsa. Vuto limadzaonekera kutsogolo. Pa intavyu sakonda kufunsa za chaka chachinayi zomwe udakali nazo m'mutu. Wa akaunti amamufunsa kanthu ka chaka choyamba, kuti ndalama iyi ilembedwe mbali iti ya buku. Namwino amamupatsa kulemera kwa mwana ndi botolo la mankhwala kuti awerengere mlingo. Wa uphunzitsi amamupatsa choko kuti afotokoze mafulakishoni kwa mwana wa Sitandade 5. Munthu ali ndi pepala loti anakhoza, ndipo anakhozadi, koma mbuzi inapita kalekale.

Mankhwala ake si ovuta kuwamvetsa, kungoti si okoma. Theka la ola Loweruka, pa kope la chaka chatha. Dzulo ndi dzana zibwerezedwe lero, usanatsegule mutu watsopano. Basi. Palibe amene angajambule vidiyo ya zimenezi n'kupeza omutsatira, chifukwa palibe chosangalatsa kuonera munthu akuwerenga zomwe anaziwerenga kale.

Koma kubwereza kwake kotani? Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri timati tikubwereza pomwe tikungoyang'ana. Ku hifz, kuwerenga uli chiyang'anire Mus-haf sikuwerengedwa kuti wapereka phunziro. Umatseka, n'kupereka kwa munthu wina amene watsegula yake. Imeneyo ndiyo tasmi'. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anayesa zofanana ndi zimenezi pa ophunzira a yunivesite. Ena anawerenga ndime mobwerezabwereza, ena anawerenga kenako n'kuchotsa pepala ndi kulemba zonse zomwe akukumbukira. Atayesedwa patangotha mphindi 5, owerenga mobwereza aja anapambana. Atayesedwa patatha sabata, zinatembenuka: otseka pepala ndi amene anakumbukira zambiri. Chomwe chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi chakuti owerenga mobwereza aja ndi amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti adzakumbukira. Maso akazolowera tsamba, mtima umanama kuti walidziwa. Umadziwa zoona zake buku likatsekedwa.

Ndipo tasmi' ili ndi chinthu china chimene kafukufuku uja sanachikhudze, chomwe kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse ya kaganizidwe. Pamakhala munthu wokumvera, ndipo ntchito yake ndi kukugwira. Ukalakwa amagogoda pa benchi, n'kuika kachizindikiro ka pensulo m'mphepete mwa tsamba. Mus-haf ya mwana wa hifz wakhama imakhala yodzadza ndi timadontho ta pensulo, ndipo iye sachita nato manyazi, chifukwa timeneto ndi mapu ake. Akamabwereza amadziwa pamene pali dzenje. Ganizirani za Taraweh. Imamu, hafiz wathunthu, mwina munthu wa imvi, waima kutsogolo kwa mzikiti wodzadza, ndipo kumbuyo kwake kuli mnyamata amene ntchito yake ndi kumupatsa luqma akaphonya. Akamukonza, imamu amabwerera, n'kukonza, n'kupitiriza. Swala ikatha amagwirana chanza. Palibe amene amatuluka akuti wandinyoza pagulu. Ndipo imamu wanzeru ndi amene amachita kukamupempha yekha mnyamatayo kuti aime kumbuyo kwake.

Nanga bwanji ife omwewo, tikachoka pa mkeka n'kupita ku ntchito, khungu limasanduka lanthete chonchi? Bwana akabweza lipoti lili ndi inki yofiira, tsiku lonse nkhope ili gwaa. Telala wamkulu akauza wophunzira kuti msoko uwu wakhota, phwasula, wophunzira amakauza anzake kuti mdala uja ali ndi nsanje. Lekichara akalemba kuti ndime iyi sikumveka, timathamangira kuona malikisi okha, ndemanga osawerenga. Chonsecho munthu womvetsa chisoni si amene wakonzedwa. Ndi amene alibe womumvera. Alipo anthu amene awerenga ayah molakwika zaka khumi, ndi mawu okoma bwino, chifukwa choti sanakhalepo pansi pamaso pa wina. Pa ntchito n'chimodzimodzi. Ngati pa zimene mumachita tsiku ndi tsiku, kaya ndi kusoka, kukonza mafoni, kulemba, kuphika zogulitsa, palibe munthu amene ali ndi ufulu wokugogoderani benchi, mufunefuneni. Ndipo akagogoda musayambe ndi kufotokoza chifukwa chake munalakwa. Pa tasmi' palibe amene amafotokoza. Umangobwerera pa chiyambi cha ayah.

Pali phunziro lina laling'ono limene ahafiz amalidziwa: malo ogwera kwambiri si ma ayah ovuta. Ovutawo umawaopa, ndiye umawasamala. Umagwera pa mutashabihat, ma ayah ofanana. Mwachitsanzo, nkhani ya ana a Israeli atalamulidwa kulowa mu mzinda ili mu Surah Al-Baqarah ayah 58, ndipo ilinso mu Surah Al-A'raf ayah 161, mawu ake pafupifupi omwewo, koma malamulo awiri asinthana malo. Lilime likazolowera, limatha kuyamba mu Baqarah n'kukatulukira mu A'raf mwini wake osazindikira. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba satumiza ndalama ku nambala yolakwika sabata yake yoyamba, pamene manja akunjenjemera. Zimachitika chaka chachiwiri, zala zitazolowera, akucheza ndi mnzake uku akudina. Wa kabaza amagwa pa msewu wa kwawo. Ahafiz ena amakhala ndi kakope kolembamo ma ayah ofananawa awiriawiri, kuti akafika pamenepo achepetse liwiro. Ejenti amene amawerengera kasitomala nambala mokweza asanadine, ngakhale kasitomalayo akumudziwa, akuchita zomwezo.

Pa geni ndiye milu itatu ija imaoneka poyera. Sabaq ya geni ndi yokoma kwambiri: katundu watsopano, malo atsopano, dzina latsopano pa WhatsApp. Dhor yake ndi kuwerenga katundu madzulo aliwonse, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, kuimbira kasitomala amene anagula mwezi watha, kutsegula buku la ngongole n'kuona amene wadutsitsa tsiku. Ma geni ambiri a achinyamata amene ndawaona akugwa sanagwe chifukwa chosowa maganizo atsopano. Maganizo analipo ochuluka zedi. Anagwa ndi ka K2,000 apa, ka K5,000 apo, kongongoza kwa abale ndi anzathu popanda kulemba, poopa kuti aziti ndiwe wouma mtima. Pomwe ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, yomwe mu Mus-haf ya ku Madina yadzaza tsamba lonse la 48 payokha, ikukamba za kulemba ngongole, ndipo ikuchenjeza kuti tisatope nako kulembako, ngongoleyo ikhale yaing'ono kapena yaikulu. Allah akudziwa kuti pa zazing'ono ndi pamene timatopera.

Nkhani ya Abdurrahman ibn Awf, Allah asangalale naye, timaikonda kwambiri pa misonkhano ya achinyamata. Anafika ku Madina mu 622 chuma chake atachisiya ku Makka. Sa'd ibn Ar-Rabi', amene Mtumiki ﷺ anamupanga kukhala m'bale wake, anafuna kumugawira theka la chuma chake. Iye anamupempherera madalitso, n'kupempha kuti angomulozera ku msika. Nthawi zambiri timaimira pamenepa n'kuomba m'manja, kenako n'kudumphira kumapeto, pamene ali mmodzi mwa olemera kwambiri mwa ma Swahaba. Koma pakati pakepo pali mbali imene siitchulidwa kawirikawiri. Tsiku loyamba anabwerako ndi kaphindu ka mkaka wouma ndi mafuta a mkaka, basi. Ndipo nkhaniyo imanena kuti anapitiriza kulawirira ku msikako m'mawa uliwonse. Kufunsa njira ya ku msika kunachitika kamodzi. Kulawirako ndiye kunali kwa tsiku ndi tsiku, ndipo n'kumene kunatulutsa kagolide kolemera ngati njere ya tende komwe anakwatirira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Makolo athu ku mudzi izi sachita kuuzidwa. Kudzala ndi ntchito ya masiku ochepa mvula yoyamba ikagwa. Chimanga chimapezeka kapena kutayika pa kupalira ndi kubandira, mu Januwale, dzuwa lili pamutu, m'nyumba ufa ukutha. Amene analima maekala atatu n'kulephera kupalira amakolola zochepa kuposa wa ekala imodzi yoyera.

Ngakhale mabuku akuluakulu amene timawatchula ndi ulemu anabwera mwa njira yomweyi. Imam Al-Bukhari anatha zaka 16 akusonkhanitsa ndi kusefa Sahih yake. Ibn Hajar Al-Asqalani, ku Cairo, anayamba kulemba Fath Al-Bari, ndemanga ya buku lomwelo, m'chaka cha 817 cha Hijra n'kumaliza mu 842. Zaka 25 pa buku limodzi, lomwenso linali la munthu wina. Ambiri mwa ife amene tikuwerenga pano sitinakwanitse n'komwe zaka zimenezo chibadwire.

Ndipo chipembedzo chathu chenicheni chinamangidwa chonchi. Swala za faradhi zili ndi marakaa 17 pa tsiku, ndiye kuti Surah Al-Fatiha, imene tinailoweza tili ndi zaka zisanu, timaibwereza kosachepera ka 17 tsiku lililonse moyo wonse. Mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, anatifotokozera kuti ntchito imene Mtumiki ﷺ ankaikonda kwambiri ndi imene mwini wake amaipitiriza, ngakhale ikhale yochepa. Tonse timadziwa mmene mzikiti umaonekera usiku wa 27 wa Ramadhan, nsapato mpaka pa msewu, ndi mmene umaonekera pa Fajr ya sabata yachiwiri ya Shawwal, mzere umodzi wosadzaza, ambiri mwa iwo madala. Sindikunena izi moseka wina. Ndikungoti matenda ake ndi amodzi ndi a kope la pansi pa bedi lija. Ubale nawo uli ndi dhor yake. Anzathu atsopano a ku koleji, magulu atsopano a pa foni, zonsezo ndi sabaq. Foni ya kwa mayi ku mudzi Lachisanu lililonse, yopanda nkhani yeniyeni, yongofunsa za mvula ndi mwendo uja, ndi mulu wachitatu.

Pali zinthu ziwiri zimene wina angatsutse, ndipo zonse zili ndi mfundo. Choyamba, anganene kuti kuloweza si kumvetsa, ndipo dziko la lero likufuna oganiza. Zoona. Alipo amene ali ndi majuzu 30 pamtima koma sangakuuze chimene surah imodzi ikunena, ndipo ma sheikh athu omwe amadandaula nazo. Ku koleji ukaloweza tanthauzo la chinthu osachimvetsa, funso likangotembenuzidwa pang'ono wagwa. Chimene ndikutenga ku hifz si kuloweza, koma dongosolo la kusunga. Ndipo chomvetsa nachonso chimathawa. Masamu amene unawamvetsa bwinobwino Fomu 3, ukawasiya zaka zinayi, umawayang'ana ngati munthu amene nkhope ukuidziwa koma dzina lakana.

Chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba. Wina anganene kuti: m'bale, ine ndabwereza, ndakhoza, digiri ili m'chikwama chaka chachitatu tsopano, ntchito kulibe, ndiye ukundiuza za kaganizidwe? Ameneyu sindingamuyankhe ndi mwambi. Liwu loti mindset linatchuka ndi buku la Carol Dweck wa ku Stanford la mu 2006, lomwe mfundo yake ndi yoti amene amakhulupirira kuti nzeru zimakula ndi khama amapirira kuposa amene amati munthu amabadwa nazo. Mfundoyo ndi yabwino. Koma pamene anaiyesa pa ana a sekondale oposa 12,000 ku America, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2019 zinaonetsa kuti magiredi a ana ovutika m'kalasi anakweradi, koma pang'ono, ndipo zinkayenda bwino m'sukulu momwe anzawo owazungulira ankalimbikitsa khama. Kaganizidwe kamathandiza, koma sikatsegula fakitale, sikatsitsa mtengo wa thumba la chimanga. Amene amauza wosowa ntchito kuti vuto ndi mutu wake basi, nthawi zambiri ali ndi kosi imene akufuna kumugulitsa. Ife timakhulupirira kuti riziki lili m'manja mwa Allah, amatambasula ndi kufupikitsa mwa nzeru Zake, ndipo kuchedwa kwake si umboni woti munthu ndi waulesi. Chimene chili m'manja mwathu n'chochepa, koma chilipo: kuti tsiku limene khomo lidzatseguke, kaya ndi intavyu, kaya ndi mlongo wa ku Johannesburg watumiza kampamba, lidzatipeze chimene tinaphunzira chidakali pachingwe. Zaka zodikira ndi zimene zimadya luso kwambiri, chifukwa palibe mayeso, palibe ustaz, palibe amene akufunsa.

Ndiye pali nthawi imene munthu ayenera kudziuza yekha mawu atatu aja. Kosi yachitatu ya pa intaneti pomwe ziwiri zoyamba zinaima pa phunziro lachinayi: lero palibe sabaq. Kuwonjezera nkhuku pa geni ya zovala pomwe sukudziwa kuti zovalazo zinapindula zingati mwezi watha: lero palibe sabaq. Zimawawa chifukwa zimaoneka ngati waima pomwe anzako akuthamanga, ndipo pa Facebook aliyense amaoneka ngati akuthamanga. Koma mwana amene amaloledwa kumangopita kutsogolo amafika juzu ya 15 ali ndi majuzu awiri okha, womaliza ndi woyamba, pakati ponse pali mabowo. Kukonza mabowo amenewo kumatenga nthawi yaitali kuposa imene akanataya poima sabata imodzi. Sindikuti tisamayambe zatsopano. Popanda sabaq palibe amene angamalize. Ndikuti chatsopano chizilowa pakhomo chakale chitayankha kuti chilipo.

Za nthawi yake, ahifz ambiri amaika sabaq pambuyo pa Fajr mutu udakali wopepuka, ndipo sasintha Mus-haf, chifukwa diso limasunga malo, limadziwa kuti ayah yakuti ili pamwamba kudzanja lamanja. Nthawi yomweyo, malo omwewo, buku lomwelo. Ife tili ndi mwayi woti tsiku lathu linadulidwa kale kasanu, ndiye sitifunika kupanga ndandanda yatsopano, tingomangirira ntchito pa zikhomo zimene zilipo: kuwerenga katundu pambuyo pa Maghrib, kope lakale pambuyo pa Asr Loweruka. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera kachizolowezi kamodzi katsopano, monga kumwa madzi pa nkhomaliro kapena kuthamanga pang'ono madzulo. Kuti chinthucho chiyambe kuchitika chokha popanda kudzikakamiza, pakatikati zinkatenga masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254. Choncho zija amati masiku 21 akwana musazidalire, ndipo mukafika mwezi wachiwiri zidakali zolemera, palibe chimene chalakwika. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunagwetse chizolowezicho. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa masiku ophonya adzabwera ndithu: maliro, malungo, magetsi athima foni ilibe moto, alendo afika osanena. Tsiku lotsatira musalipire ngongole yonse kamodzi, mudzangotopa n'kusiyiratu. Tengani theka la muyeso wa masiku onse, ndipo yambirani pamene pali timadontho tambiri ta pensulo.

Ine mulu wanga wachitatu sabata ino ndi Surah Yunus ndi kope la statistics la chaka choyamba, ndipo wondimvera ndi mng'ono wanga wa Fomu 2, amene sakhululuka ngakhale madd imodzi. Tikumbukirane m'maduwa.